Kalata Yotseguka kwa Mfumu ya Mzinda wa Johannesburg: Wokutsinani Khutu Musamutengere Kupolisi

Olemekezeka Mfumu ya Mzinda,

Nkhani imene ndikukulemberani imaoneka ngati ya akatswiri a makompyuta okhaokha, chonsecho ikukhudza aliyense wolipira bilu ya madzi, wogula mayunitsi a magetsi ndi wokhala m'nyumba ya lendi mumzinda uno, kuphatikizapo Amalawi ambirimbiri amene ali ku Mayfair, Yeoville, Turffontein, Rosettenville ndi Diepsloot. Munthu akaona chiboo pa makompyuta a khonsolo, poti mbava zingalowerepo n'kutenga zinsinsi za anthu, apite kuti, auze yani, ndipo akanena chimuchitikire n'chiyani? Pempho langa ndi lakuti khonsolo ilembe ndondomeko yolandirira malipoti otere, iyiike poti aliyense aione, itchule zimene munthu akuloledwa kuyesa ndi zimene saloledwa, ndipo ilonjeze kuti wotsatira ndondomekoyo sadzasumiridwa kupolisi. Sindikunena kuti aliyense azithyola makompyuta a mzinda mmene wafunira. Kuchita zimenezo ndi mlandu, ndipo kukhalebe mlandu. Ndikunena kuti pakati pa wakuba ndi wochenjeza pali kusiyana, ndipo mzinda uno unalipirapo kale mtengo wa kusafuna kuona kusiyanako.

Mu Ogasiti 2013 tsamba la khonsolo loonerapo mabilu linali ndi vuto loti ngakhale mwana wa sekondale akanatha kuliona. Munthu akatsegula bilu yake, pamwamba pa tsambalo, mu adiresi ya pa intaneti, pankaoneka nambala. Akasintha nambalayo pang'ono, pankatuluka bilu ya munthu wina, yokhala ndi dzina lake, malo amene akukhala, nambala ya akaunti ndi ngongole yake. Panalibe loko wothyola, panalibe pasiwedi yoba. Katswiri wina wa makompyuta, amenenso anali wolipira mabilu ku khonsolo yomweyi, anaona zimenezi ndipo, malinga ndi zimene anafotokozera atolankhani, anayesa kudziwitsa khonsolo koma sanapeze womumvera. Nkhaniyi itatuluka pa tsamba la nkhani la MyBroadband, khonsolo inatseka tsambalo, zimene zinali zoyenera. Koma inachitanso china: inalengeza kuti makompyuta ake athyoledwa ndi anthu a zolinga zoipa, ndipo inakatsegula mlandu kupolisi. Kale makolo ankati wakutsina khutu ndi mnansi. Tsiku limenelo mzinda unauza anansi ake onse kuti wotsina khutu amayankhidwa ndi apolisi.

Patangopita miyezi yochepa, mu Januwale 2014, zofananazo zinachitika ndi bungwe la misewu la SANRAL. Wofufuza wina anaonetsa kuti tsamba la e-toll, limene oyendetsa galimoto a m'Gauteng ankalembetsapo, linkaulula nambala yachinsinsi ya munthu kwa aliyense wodziwa poyang'ana. Bungwelo nalo linatcha zimenezi chiwembu. Achinyamata amene anali m'makalasi a Wits ndi University of Johannesburg m'zaka zimenezo ndi amene lero ali m'maofesi a zachitetezo cha makompyuta ku Sandton ndi ku Rosebank, ndipo phunziro limene anatolapo ndi losavuta kuliganizira: ukaona chiboo pa kompyuta ya boma, tseka pakamwa, upitirize ulendo wako. Vuto lake ndi lakuti chiboo chimene munthu wabwino wachisiya osanena sichidzitseka chokha. Chimadikira wina.

Winayo anafika. Mu Julayi 2019, m'kati mwa nyengo yozizira, pulogalamu yoipa yotseka mafayilo n'kufuna dipo inagwira makompyuta a City Power, kampani ya magetsi ya mzinda, moti anthu ogula magetsi olipiriratu analephera kugula mayunitsi. Amene mayunitsi awo anali atatsala pang'ono kutha anagona mumdima ndi m'chisanu ali ndi ndalama m'thumba. Mu Okutobala chaka chomwecho gulu lodzitcha Shadow Kill Hackers linalowa mu netiweki ya khonsolo n'kufuna ma bitcoin anayi, ndipo mzinda unakakamizika kutseka tsamba lake ndi njira zolipirira pa intaneti. Khonsolo inakana kulipira, ndipo pamenepo inachita bwino. Koma taonani, a Mfumu, kuti anthu amenewa sanaope mlandu umene unatsegulidwa mu 2013. Sanapemphe chilolezo, sanaimbe foni, sanasiye dzina lenileni. Chiopsezo cha kupolisi chimagwira ntchito pa munthu amene ali ndi dzina, ntchito, banja ndi adiresi mumzinda muno, ndiye kuti pa munthu yemweyo amene akanakuchenjezani. Pa chigawenga chobisala kuseri kwa makompyuta a mayiko atatu sichigwira. Tikamaopseza onse mofanana, timatsala ndi oipa okhaokha akuyendera makoma athu.

Lamulo lilipo, ndipo ndi lakuthwa kuposa la nthawi imeneyo. Mu 2013 nkhani zotere zinkaweruzidwa ndi gawo 86 la Electronic Communications and Transactions Act ya 2002. Lero kuli Cybercrimes Act, nambala 19 ya 2020, imene mbali zake zambiri zinayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala 2021. Gawo 2 likuti kulowa mwadala mu kompyuta kapena mosungira deta popanda ufulu wotero ndi mlandu, ndipo chilango chake chitha kufika zaka zisanu kundende. Kutenga deta mosaloledwa, kuisokoneza, kapena kugwiritsa ntchito zida za pakompyuta ndi cholinga chochita zimenezi kutha kufika zaka khumi. Gawo 11 likuwonjezera kuti zina mwa izi zikachitikira makompyuta otetezedwa a banki kapena a nthambi ya boma, monga khonsolo yanu, chilango chitha kufika zaka 15. Palinso ndime yakuti wopezeka ndi deta yoganiziridwa kuti inatengedwa mosaloledwa, n'kulephera kufotokoza mogwira mtima mmene anaipezera, walakwa. Ganizirani tsono munthu amene wajambula bilu ya mnzake pa sikirini kuti akhale ndi umboni wokuonetsani. M'lamulo lonseli mulibe ndime yoteteza mwachindunji wofufuza wa mtima wabwino. Nalo lamulo loteteza oulula zoipa, Protected Disclosures Act ya 2000, linalembedwa poganizira antchito oulula za kuntchito kwawo, osati munthu wapadera amene waona vuto pa tsamba la khonsolo ali kunyumba kwake.

Apa ndi pamene mphamvu yanu ili, ndipo simufunika kudikira Nyumba ya Malamulo ku Cape Town. Chimene chimasandutsa kulowa mu kompyuta kukhala mlandu ndi kusowa kwa chilolezo cha mwini wake. Kampani imene khonsolo yailemba ganyu yoyesa chitetezo imachita zomwezo zimene chigawenga chimachita, ndi zida zomwezo, koma siimbidwa mlandu chifukwa ili ndi kalata. Mwini wa makompyuta a mzinda ndi khonsolo. Khonsolo ikalemba poyera kuti aliyense akuloledwa kuyesa masamba akutiakuti, m'njira zakutizakuti, malinga anene zimene wapeza ku adiresi yakutiyakuti, yapereka chilolezo, ndipo wotsatira malirewo sali kunja kwa lamulo. N'zoona kuti khonsolo singamange manja a National Prosecuting Authority, poti woganiza zozenga mlandu ndi iwo. Koma mlandu wotere umayamba ndi wodandaula, ndipo woweruza aliyense angafunse ngati mwini wake analola. Chikalata cha tsamba limodzi chingayankhe funso limenelo lisanafunsidwe.

Chikalatacho chikhale ndi malire olimba, chifukwa ufulu wopanda malire pano ungavulaze anthu omwe tikufuna kuwateteza. Wofufuza asiye pomwe watsimikiza kuti chiboo chilipo: akaona bilu imodzi yosakhala yake, zakwana, asatsitse mabilu zikwi khumi kuti aonetse kukula kwa vuto. Asasinthe kapena kufufuta kanthu. Asadzaze tsamba ndi mafunso mpaka kuligwetsa. Asanamize antchito a khonsolo pa foni kuti amuuze mapasiwedi. Asayandikire n'komwe makompyuta oyendetsa masiteshoni a magetsi, mapampu a madzi kapena maroboti a pamsewu, chifukwa kumeneko kulakwitsa pang'ono kumafika m'chipatala. Asanene kuti mundipatse ndalama kaye ndiye ndikuuzeni, poti pamenepo wasanduka wofuna dipo. Ndipo adikire nthawi yogwirizana, monga masiku 90 amene makampani ambiri a zaukadaulo amatsatira, asanauze atolankhani. Khonsolo nayo ikhale ndi mbali yake: kuyankha m'masiku ochepa kuti uthenga wafika, kunena ngati vutolo ndi lenileni, kulikonza, ndi kusathamangira kupolisi. Njira yodziwitsira anthu adiresi yotumizako malipoti inakhazikitsidwa kale padziko lonse. Ndi kafayilo kakang'ono kotchedwa security.txt, kamene kamaikidwa pa tsamba la bungwe, ndipo wogwira ntchito mmodzi atha kukalemba asanapite ku nkhomaliro.

Alangizi anu a zamalamulo adzanena kuti zigawenga zizibisala kuseri kwa ndondomekoyi, kuti aliyense wogwidwa azingoti ndimafufuza. Nkhawayi ndi yomveka, koma ikaunikidwa bwino ikuthandiza mbali yanga. Pamene palibe malire olembedwa, wogwidwa aliyense atha kunena kuti anali ndi zolinga zabwino, ndipo wapolisi wa ku Hillbrow kapena ku Johannesburg Central alibe muyezo womutsutsira kapena womuvomerezera. Malire akalembedwa, mafunso amakhala ogwirika. Kodi unanena ku adiresi imene inaperekedwa? Unanena liti? Unatenga deta yochuluka bwanji? Unaigulitsa kapena kuigawa? Unafuna ndalama? Gulu la mu Okutobala 2019 likanagwa pa funso loyamba lomwe. Ndondomeko yotere sichotsa mlandu kwa wakuba, imangochititsa kuti wakuba asafanane nkhope ndi wochenjeza pamaso pa lamulo.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi china, ndipo sindichipeputsa. Deta imene ili pa makompyuta a mzinda si ya khonsolo yokha. Ndi ya mayi wa ku Soweto amene ali ndi ngongole ya madzi, ndi ya bambo wa ku Berea amene safuna kuti wina adziwe kumene akukhala. Iwowa sanavomere kuti wophunzira wa chaka chachiwiri aone mabilu awo, kaya mtima wake ndi woyera chotani. Lamulo la POPIA, limene linayamba kutsatidwa mokwanira pa 1 Julayi 2021, likupatsa khonsolo udindo woteteza deta imeneyi ndi wodziwitsa Information Regulator komanso eni ake ngati yaonedwa ndi munthu wosayenera. Ndiye khonsolo ingaitane bwanji alendo kudzayesa zitseko za zipinda zosunga zinsinsi za ena? Yankho langa ndi lakuti alendowo akuyesa kale, usana ndi usiku, ndipo ambiri a iwo sadzalemba lipoti. Kusankha kumene kulipo si kwa pakati pa deta yoonedwa ndi deta yosaonedwa. Ndi kwa pakati pa munthu mmodzi amene waona bilu imodzi n'kunena, ndi gulu limene latenga mabilu onse n'kukhala chete mpaka tsiku lowagulitsa. Mayi wa ku Soweto uja, atafunsidwa, sindikukayika kuti angasankhe woyambayo. Ndipo udindo womwewo wa mu POPIA, wakuti bungwe lizifufuza zoopsa zimene zingagwere deta n'kuzitseka, umakwaniritsidwa bwino ndi bungwe limene lili ndi khutu kusiyana ndi limene latseka makutu.

Nkhani ya SASSA, bungwe la boma lopereka ndalama zothandizira osowa, ikuonetsa mbali zonse ziwiri. Mu Okutobala 2024 ophunzira awiri a chaka choyamba ku Stellenbosch University analemba pa tsamba la nkhani la GroundUp kuti makina a thandizo la R370 la SRD ankalola munthu kufunsa za manambala a ziphaso ambirimbiri popanda chomuletsa, ndipo anapeza kuti mwa anthu obadwa mu Febuluwale 2005, pafupifupi 91 pa 100 alionse ankaoneka ngati anafunsira thandizoli. Chiwerengero chotere sichikanatheka popanda chinyengo: anthu ena ankafunsira ndalama m'maina a achinyamata amene sankadziwa n'komwe. Komiti ya Nyumba ya Malamulo inawaitana kuti akafotokoze, ndipo nduna inalamula kafukufuku. Dziko linapindula. Koma tinene zoona, kufunsa za ziphaso za anthu zikwizikwi popanda kugwirizana ndi mwini makina ndi chinthu chimene ndondomeko imene ndikupemphayi sikanachilola mwachisawawa. Anyamatawo anayenda m'malire a lamulo, ndipo chimene chinawateteza ndi chakuti nkhani yawo inagwira mtima wa anthu. Sibwino kuti chitetezo cha wochenjeza chidalire kutchuka kwa nkhani yake. Pakanakhala khomo lodziwika ndi munthu woyankha, akanatha kunena ataona ziphaso zochepa, n'kupitiriza kafukufuku waukuluwo mogwirizana ndi bungwelo.

Ena adzati khonsolo ili ndi antchito ake a zamakompyuta, imalemba makampani oyesa chitetezo, ndipo ilibe ndalama zolipira aliyense wobwera ndi lipoti pamene mipope ikuphulika ndipo misewu ili ndi maenje. Ndalama si mutu wa pempho langa. Ambiri opeza ziboo amafuna kuyankhidwa, kuthokozedwa ndi kusamangidwa, basi. Kunena za antchito ndi makampani, ngakhale mabungwe akuluakulu akugwa. Kampani ya boma ya njanji ndi madoko ya Transnet inagwidwa ndi mbava za pakompyuta mu Julayi 2021 mpaka ntchito m'madoko inasokonekera. Kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu ya TransUnion inaberedwa deta ya anthu mamiliyoni mu Marichi 2022. Unduna wa Zachilungamo weniweniwo unagwidwa mu Seputembala 2021, ndipo mu Julayi 2023 Information Regulator inaulamula kulipira chindapusa cha R5 miliyoni, zitadziwika kuti malayisensi a mapulogalamu ake achitetezo anali atatha kale osawonjezeredwa. National Health Laboratory Service, imene likulu lake lili ku Sandringham mumzinda muno, inagwidwa mu Juni 2024 ndipo zotsatira za magazi a odwala zinachedwa m'zipatala za boma. Kampani yolembedwa ganyu imayesa kwa milungu ingapo n'kupita, pamene tsamba limasinthidwa chaka chonse. Ngakhale unduna wa zachitetezo wa dziko la America, umene suchepa ndalama kapena akatswiri, unaitana anthu apadera mu 2016 pa ntchito yotchedwa Hack the Pentagon ndipo anapeza ziboo zenizeni 138. Chitsanzo choyandikira kwa inu ndi cha khonsolo inzanu: mzinda wa The Hague ku Netherlands unayamba mu 2017 kuitana akatswiri ndi ophunzira kudzayesa makompyuta a mzindawo ali m'holo ya khonsolo, pansi pa malamulo ogwirizana.

Polemba ndondomekoyi musamale chinthu chimodzi chimene chinapweteketsa anthu kwina. Mu Seputembala 2019, m'chigawo cha Iowa ku America, akatswiri awiri a kampani ya Coalfire anamangidwa akuyesa chitetezo cha nyumba ya khoti usiku, ali ndi kalata ya chilolezo m'thumba. Kalatayo inachokera ku ofesi ya makhoti a chigawo, koma mkulu wa apolisi wa m'deralo anati nyumbayo ndi ya boma laling'ono la kumeneko, limene silinafunsidwe. Mlandu unathetsedwa patapita miyezi, anthuwo atagona kale m'chitokosi. Johannesburg ili ndi mpangidwe wotha kubala chisokonezo chomwecho. City Power, Johannesburg Water, Pikitup ndi Johannesburg Roads Agency ndi makampani a mzinda okhala ndi mabodi awoawo, ndipo mbali zina za makompyuta awo zimayendetsedwa ndi makampani apadera. Munthu wamba amaona zonsezi ngati khonsolo imodzi. Chikalatacho chitchule tsamba lililonse ndi dzina lake, ndipo mabungwe onsewa asainire, kuti chilolezo cha ofesi yanu chisakakanidwe ndi ofesi ina ya mzinda womwewo.

Ndatchula Amalawi poyamba paja ndi chifukwa. Pakati pa alendo okhala mumzinda uno pali ana amene akuphunzira zamakompyuta m'makoleji a ku Braamfontein, pali okonza mafoni ndi malaputopu m'mashopu a mkati mwa tauni, pali ogwira ntchito m'makampani a zaukadaulo ndi mapemiti a zaka zowerengeka. Kwa nzika, kutsegulidwa mlandu ndi vuto la loya ndi ndalama. Kwa mlendo, mbiri ya mlandu itha kutseka pemiti, ntchito, sukulu ndi thandizo la banja lonse limene limadikira ndalama kumudzi ku Mzimba kapena ku Mangochi. Mlendo ndiye woyamba kukhala chete, ngakhale ataona choopsa chotani. Komanso Amalawi akudziwa ululu wa makompyuta a boma akagwa m'manja mwa mbava. Kumayambiriro kwa 2024 makina osindikizira mapasipoti ku Malawi anaima kwa milungu, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti athyoledwa ndi anthu ofuna dipo. Ena mwa amene anavutika ndi anthu a paulendo wa ku Joni omwewa, ofuna kukonzetsa mapepala awo kuti akhale mwalamulo. Nalo lamulo la Malawi la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu kompyuta popanda chilolezo, choncho chimene Johannesburg ingayambe chingakhale chitsanzo kwa makhonsolo a Blantyre ndi Lilongwe, amene nawo akusamutsira malipiro awo pa intaneti.

Chotsala ndi cha Nyumba ya Malamulo, ndipo mawu a mzinda waukulu ngati uno amamveka kumeneko kuposa a wolemba kalata. Mu Meyi 2022 unduna wa zachilungamo wa ku America unalangiza oimira boma pamilandu kuti asamazenge anthu ofufuza chitetezo mwa mtima wabwino. Dziko la Belgium linapita patsogolo mu Febuluwale 2023: linaika m'lamulo chitetezo cha wofufuza amene alibe cholinga chobera kapena kuwononga, amene sanapyole pofunika kuti atsimikize vuto, amene wadziwitsa mwini makina ndi bungwe la boma loona za chitetezo cha makompyuta mwachangu, ndipo sanaulule poyera popanda chilolezo. Cybercrimes Act ikufunika ndime yonga imeneyo, ndipo ndikukupemphani kuti kudzera ku SALGA, bungwe la makhonsolo onse a dziko lino, mukankhire Unduna wa Zachilungamo kuti uilembe. Kusintha lamulo kumatenga zaka. Chimene chili m'manja mwanu chaka chino ndi kulamula mkulu wa zamakompyuta ndi alangizi a zamalamulo a khonsolo kuti alembe chikalatacho, kuchipereka ku msonkhano wa makhansala kuti chivomerezedwe, kusankha anthu enieni owerenga malipoti ndi kuwayankha, ndi kuuza olandira mafoni a khonsolo kumene angatumize munthu woimba kuti waona bilu ya mnzake pa sikirini yake.

Ine wanu mwaulemu,
Mmodzi wa Amalawi okhala mumzinda wa Johannesburg